Khoswe akakhala pamkhate sapheka

Tsiku la sitima ya Ilala tawuni ya Nkhata Bay sigona msanga. Kuyambira kumsika mpaka kujeti kumakhala piringupiringu: matumba a ufa opita ku Chizumulu ndi ku Likoma, malata, makatoni a sopo, amayi ogulitsa batala wowotcha ndi nthochi, anyamata osenza katundu akukuwa kuti muwapatse njira. Pachigulu chotere dzanja lolowa m'thumba la mwini silisowa. Madzulo ena otero ndinamva mfuu kumbuyo kwanga, "Wakuba! Wakuba uyo!" Pomwe ndimacheuka n'kuti mnyamata wina ali kale pansi, malaya atang'ambika, wina atamuponda paphewa, wina akufunsa ngati pali amene ali ndi petulo. Foni imene ankati waba inali isanaoneke n'komwe.

Apolisi awiri anafika wapansi. Mmodzi wa iwo, mayi wamfupi, sanakuwe. Anangolowa pakati, n'kugwira mnyamatayo palamba, nati, "Ameneyu tsopano ali m'manja mwa boma. Amene waberedwa atitsate akapereke sitetimenti." Anthu anang'ung'udza koma anapatuka. Mayi wina wogulitsa usipa, amene ndiwo zanga ndimagula kwa iye, anaomba m'manja kamodzi mokhumudwa nandiyang'ana. "Ada, mwaona? Mawa lomweli timuona akuyenda pano, ati watuluka pa belo. Paja a kwanu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Mwambiwu sindinauphunzire kusukulu. Kwathu ku Ntcheu agogo anga akuchikazi anali ndi mkhate waukulu umene anawasiyira amayi awo, wakuda bii ndi ukalamba, wokhala kuseri kwa chitseko. Mmenemo ndimo ankathira madzi ofunda oti asambe agogo aamuna. Chaka china makoswe anatisautsa, anatha mtedza wambewu, anaboola ndi thumba la ufa lomwe. Usiku wina ndinaona wina atakhala pamlomo pa mkhate uja, akupukuta ndevu ngati walipira msonkho. Ndinatola musi. Ndisanautsitse agogo anandigwira dzanja. "Iwe, makoswe alipo ambiri, mkhatewu ndi umodzi. Ukauswa, woumba wina timupeza kuti?" Khoswe anadumpha n'kukwera kudenga, ine ndinagona nditatupa ndi mkwiyo. Kutacha agogo anatchera diwa kuseri kwa nkhokwe, nyambo yake mtedza wokazinga, ndipo patapita masiku awiri anandiitana kuti ndikataye mdani wanga kudzala.

Ambiri timautchula mwambiwu modandaula, monga anachitira mayi wa usipa uja. Timaunena pamene wolakwa ndi mwana wa mfumu, mlamu wa bwana, kapena mphwako weniweni amene kumulanga n'kudzicheka wekha. Tanthauzo limenelo ndi loona, ndipo ndibwererakonso. Koma agogo sankaikira kumbuyo khoswe. Sankamukonda, ndipo anamupha ndithu. Chimene anakana ndi musi ndi phuma, kukantha osayang'ana chimene chili pansi pa wokanthidwayo. Malamulo amene amauza wapolisi mmene angamangire munthu, mmene angachitire chipikisheni ndi mmene angafunsire mafunso, ndi mkhate wa mtundu umenewo. Wakuba amapezerapo mpata, inde, monga anapezera khoswe usiku uja. Koma mkhatewo si wa wakuba, timasambiramo tonse.

Doko lomweli limadziwa zimene zimachitika boma likatola musi. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Sir Robert Armitage atalengeza lamulo ladzidzidzi, asilikali ndi apolisi anadzuka m'bandakucha kukatola atsogoleri a Nyasaland African Congress m'dziko lonse. Dr Hastings Kamuzu Banda anamutengera kundende ya ku Gwelo. Ena a kumpoto kuno anawasonkhanitsa m'sitima ya Mpasa, imene inaima pano kudikira kuwatengera kummwera. Panalibe amene anawerengeredwa mlandu, panalibenso khoti limene ankapita. Anthu atamva kuti abale awo ali m'sitima anakhamukira kudoko kufuna kuti amasulidwe. DC wa nthawiyo, John Brock, ataona kuti gulu silikubwerera, anapereka mphamvu kwa asilikali ochokera ku Southern Rhodesia, ndipo iwo anaombera. Komiti ya jaji Patrick Devlin inawerenga anthu 20 ophedwa pamalo pano, eni mudzi amati anaposa 30. Boma linkati likuthamangitsa chiwembu chofuna kupha azungu. Devlin atafufuza sanachipeze chiwembu chimene boma linkanenacho, ndipo lipoti lake linati Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mkhate unaphwanyika, khoswe panalibe.

Tikamaika nkhata zamaluwa pachipilala cha ophedwawo chaka ndi chaka timakonda kuithera pamenepo nkhaniyi, ngati musi unapita ndi atsamunda. Unangosintha dzanja. Orton Chirwa, mwana wa boma lino, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, anathawa dziko pa mkangano wa nduna wa 1964. Mu Disembala 1981 anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera, nawaimika pamaso pa khoti la mafumu limene silinkalola woimbidwa mlandu kukhala ndi loya. Maloya awiri, omanidwa loya! Mu 1983 anawagamula kuti aphedwe, kenako chilango chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse m'ndende. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Vera anatuluka mu Januwale 1993. Aleke Banda wa ku Tukombo anakhala m'ndende kuchokera mu 1980 mpaka 1992 popanda kuimbidwa mlandu uliwonse. Awa ndi amene mayina awo analembedwa. Akuluakulu a kuno amakumbukira enanso, mphunzitsi, kalaliki, msodzi (kuno amati mlovi) wolankhula mosasamala pamowa, amene galimoto inaima pakhomo pawo usiku anansi n'kuzimitsa nyali kuti asaoneke kuti aona.

Choncho pamene malamulo aakulu a dziko a 1994 ankalembedwa, anthu atakana chipani chimodzi pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, dziko linali lodzaza ndi anthu ongotuluka kumene m'ndende za Mikuyu ndi Zomba. Gawo 42 ndi lalitali, ndipo mukamaliwerenga limamveka ngati kaundula wa zonse zimene anthu aja anamanidwa. Womangidwa auzidwe msanga chifukwa chimene wamangidwira, m'chilankhulo chimene amamva. Auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, achenjezedwenso kuti chimene anganene chingamutsate kukhoti. Asakakamizidwe kuvomera mlandu. Aloledwe kulankhula ndi loya popanda khutu la wapolisi, ndipo ngati chilungamo chikufuna kutero, boma limupezere loyayo. Mkazi wake kapena mwamuna wake, m'bale, abusa kapena shehe, ngakhale dokotala wodzisankhira yekha, aloledwe kudzamuona. Adye, akadwala alandire mankhwala, ndipo asasakanizidwe ndi akaidi ogamulidwa kale.

Mawu akuti chilankhulo chimene amamva, a ku Lilongwe angawadutse osaima. Kuno ayi. Wapolisi amatumizidwa kulikonse, ndipo wobwera kuchokera ku Mulanje kapena ku Dedza amafika ndi Chichewa ndi Chingelezi. Agogo a ku Chintheche amene moyo wawo wonse alankhula Chitonga amatha kugwedeza mutu n'kunena "yewo" mwaulemu, osamva kuti angouzidwa kumene kuti sakukakamizidwa kuyankha. Ine ndemwe, ndi zaka zanga zonse kunyanja kuno, Chitonga chikathamanga chimandisiya m'mbuyo. Ndikadziyerekeza ndili pakauntala, nsapato ndi lamba atandivula, wina akundiwerengera ufulu wanga m'chilankhulo chimene ndimangotolako mawu awiri atatu, ndimaona kuti ufulu wotero ndi chimodzimodzi sunanenedwe.

Kenako pali maola 48. Womangidwa afike pamaso pa khoti mwamsanga, ndipo asapitirire maola amenewa. Akathera pa nthawi imene khoti silikhala, afike tsiku loyamba limene khoti likhala, kuti akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chomusungirabe. Zikapanda kutero, amasulidwe. Aliyense m'dziko muno amadziwa chimene Lachisanu limatanthauza pankhani imeneyi. Womangidwa Lachisanu madzulo maola ake amathera Lamulungu, ndiye kuti agona m'chitokosi mpaka Lolemba, ndipo lamulo silinathyoledwe. N'chifukwa chake wokwiya ndi mnzake, pa ngongole kapena pa malire a munda, amadikira Lachisanu kuti akamunenere. Masiku atatu a pasimenti amakhala chilango chimene palibe majisitireti anachigamula.

Zinandionekera ine. Mwana wa mlongo wanga anamangidwa Lachisanu lina m'tawuni ina kutali ndi kuno, pa polisi imene sindiitchula. Bwana wake wa pashopu anati pasowa ndalama. Ndinakwera basi ya usiku, Loweruka m'mawa n'kuti ndili pakauntala ndi kontena ya nsima ndi nyemba. Anandiuza kuti ndilawe kaye, ndinalawa. Mnyamatayo atatuluka pakhomo la chitokosi anagwirira thalauza ndi dzanja limodzi poti lamba analibe, maso ali psuu, fungo la ndowa likumutsata. "Malume," anatero motsitsa mawu, "andiuza kuti ndikangosaina ndituluka." Ndinamufunsa ngati anawerenga chimene akuti asaine. Anati sanamupatse kuti awerenge. Ndinamuuza kuti asagwire cholembera, koma kunena zoona sindinalankhule ngati munthu wodziwa lamulo, ndinangochita mantha. Madzulo wina anandikokera pambali n'kunena kuti belo ndi yotheka ngati malume ali omvetsa zinthu. Ndinamvetsa. Ndinapereka ndalama imene ndinasungira fetereza, ndipo potuluka ndinadutsa pansi pa chipepala chomatidwa pakhoma chonena kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndinachiwerenga, n'kupitirira. Pamene ndinkadziona ngati wolakwiridwa, tsiku limenelo nanenso ndinaugogoda mkhate, ndipo malume wina wobwera pambuyo panga anapeza mtengo utakhazikika kale.

Tsono za belo, zimene zinamupweteka mayi wa usipa. Gawo 42 limati womangidwa amasulidwe, ndi belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe: ngati angathawe, ngati angaopseze mboni kapena kusokoneza umboni, ngati moyo wake kapena wa ena ungakhale pachiswe. Belo si kukhululuka. Munthu amangodikira mlandu ali kunyumba m'malo modikira ali m'chitokosi, ndipo paja mlandu suwola. Ngakhale amene wakanizidwa belo sayenera kuiwalidwa. Kuyambira mu 2010 lamulo la kayendetsedwe ka milandu linaika malire a rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza. Komabe mayi uja sindimuseka. Iye amaona wakuba atabwerera pamsika, ndipo kawirikawiri palibe amene amabwera kudzamuuza tsiku la mlandu kapena kumufotokozera chifukwa chimene munthuyo watulukira. Kwa iye belo ndi ziphuphu ndi chinthu chimodzi, ndipo anthu ngati ine, opereka ndalama ya fetereza pakona, ndife tinamuphunzitsa zimenezo.

Pali makoswe ena amene sanali makoswe n'komwe. Mu Malichi 2015, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, Mayeso Gwanda ankayenda wapansi kupita ku Limbe kukagulitsa majumbo. Apolisi anakumana naye, sanakhutire ndi zimene anawauza, n'kumutsekera. Mlandu wake unali umene tonse timautcha vakabu, kachigawo ka gawo 184 la buku la milandu ndi zilango, kamene kankalola kumanga munthu wopezeka pamsewu pa nthawi ndi m'njira yoganizitsa kuti ali ndi cholinga choipa. Mizu ya lamuloli ili m'lamulo la ku England la 1824. Gwanda sanavomere kuti alipire kachindapusa n'kupita kwawo monga ankachitira ambiri. Anakamang'ala, ndipo pa 10 Januwale 2017 majaji atatu a khoti lalikulu ku Blantyre anagamula kuti kachigawoka kakusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu Novembala 2022 jaji Zione Ntaba anagamulanso, pa mlandu wochokera ku Kasungu, kuti kusesa anthu m'misika ndi m'mabala, kutola aliyense wopezekapo n'kumakamufunira mlandu ali kale m'chitokosi, n'kosaloledwa.

Ndikaganiza za Gwanda ndimafunsa kuti kodi 3 koloko m'bandakucha pamsewu wa Nkhata Bay pamakhala ndani. Pamakhala alovi ochokera kokoka ukonde wa chilimira, nyali zili m'manja, thupi likunjenjemera ndi mwera. Pamakhala amayi a mabeseni othamangira kugombe kuti akagule usipa mtengo usanakwere, alonda oweruka, ndi apaulendo amene Ilala yawatsitsa usiku alibe ya chipinda chogona. Wa m'galimoto vakabu sinkamuona. Lamuloli linkagwira munthu chifukwa umphawi wamudzutsa tambala asanalire, ndipo amene analigwetsa ndi wogulitsa majumbo.

Za chipikisheni anthu timasokonezeka mbali zonse ziwiri. Ena amaganiza kuti yunifolomu payokha ndi kiyi wa nyumba iliyonse. Ena, amene anaonera mafilimu ambiri, amaganiza kuti popanda chikalata wapolisi sangagwire ngakhale chikwama. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza munthu, nyumba yake, katundu wake ndi mauthenga ake, a m'kalata ndi a pafoni omwe. Njira yoongoka yolowera m'nyumba ya munthu ndi chikalata chosainidwa ndi khoti, chonena malo ndi chimene chikufunidwa, ndipo mwini nyumba sanalakwe akapempha kuchiona. Koma lamulo limalolanso wapolisi kusecha munthu amene wamumanga, ndi kuimitsa galimoto kapena boti limene ali ndi chifukwa chomveka choliganizira kuti lanyamula zakuba kapena zoletsedwa. Mawu olemera pamenepa ndi akuti chifukwa chomveka. Nkhope yosasangalatsa si chifukwa, tsitsi lopota si chifukwa. Mayi asechedwe ndi mayi mnzake, mwaulemu. Chotengedwa chilembedwe, kuti tsiku lotuluka pasakhale kukangana kuti foni inali ya mtundu wanji. Ndipo mchitidwe umene anthu amaudandaula m'maboma ambiri, wotsekera mkazi kapena mayi kuti wothawa adzipereke, ulibe pogwira m'lamulo. Mlandu ndi wa mwini, subwerekedwa.

Pamene mkhate uli ndi mng'alu weniweni ndi m'chipinda chofunsira mafunso. Ndiyambe ndi kuvomera kuti mkwiyo umene umatola musi nthawi zina ndi wolungama. Usiku wothera chaka cha 2018, ku Kande m'boma lomwe lino, bambo wina wachialubino anaphedwa mwankhanza m'nyumba mwake mwana wake akuona. Amene anamva nkhani imeneyo sanali ndi mtima wowerengera aliyense ufulu wokhala chete, inenso ndinalibe. Patangopita milungu yochepa, mu Febuluwale 2019, mnyamata wachialubino anabedwa ku Dedza, ndipo mmodzi mwa oganiziridwa, Buleya Lule, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala wopima mitembo Charles Dzamalala anapeza kuti anaphedwa ndi magetsi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linati anazunzidwa. Dziko lonse linkafuna kudziwa amene amatuma ndi kugula ziwalo za abale athu. Ngati Lule ankadziwa kanthu, anapita nako kumanda. Ngati sankadziwa, ndiye kuti tinapha munthu wosalakwa. Mbali zonse ziwiri wopindula ndi wogula ziwalo, amene usiku umenewo anagona tulo tabwino.

Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kuzunza munthu mwa njira iliyonse, ndipo ufulu umenewu suchotsedwa ngakhale dziko litakhala pa lamulo ladzidzidzi. Koma gawo 176 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu limalola khoti kulandira chivomerezo cha woimbidwa mlandu ngakhale iye akunena kuti anachipereka mokakamizidwa. Chimene khoti limafunsidwa ndi kukhutira kuti mawuwo ananenadi ndi iye, ndiponso kuti zimene akunenazo n'zoona. Kwa ine apa lamulo likupereka ndi dzanja lamanja n'kulanda ndi lamanzere. Bola chivomerezo chofinyidwa chikhale ndi njira yolowera m'khoti, padzapezeka wofufuza wotopa, wopanda mafuta a galimoto, wopanda zipangizo zopimira zala, amene adzaona kuti mbama ndi yotchipa kuposa kufufuza. Ndipo munthu womenyedwa amatchula dzina lililonse limene lingaimitse chibonga. Timati khoswe wa padenga adaulula wa padzala, koma wa padenga akapanidwa kwambiri amaulula ndi nkhuku yomwe.

Tsopano ndibwerere ku tanthauzo lija la mayi wa usipa, poti silinaname. M'dziko muno alipo makoswe amene amakhala pamkhate wawowawo. Wamkulu akamva mphekesera kuti amangidwa, maloya ake amathamangira kukhoti kukatenga chiletso unyolo usanamukhudze. Akamangidwa, BP imakwera tsiku lomwelo, n'kukadikira belo pabedi la chipatala. Sindikuti alandidwe ufulu umenewo. Ndikuti gawo 42 silinatchule udindo wa munthu, ndipo mnyamata wa kujeti uja ali nalo lonse lathunthu monga alili nalo nduna. Kusiyana kwake n'kwakuti wina ali ndi womukumbutsa, wina alibe. Maloya ambiri a kumpoto amakhala ku Mzuzu, ndipo mtengo wawo mlovi sangaufike. A Legal Aid Bureau ndi alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene akhala akulowa m'ndende ndi m'zitokosi kuyambira cha m'ma 2000, amatola ambiri amene akanaiwalika, koma manja awo ndi ochepa. Wapolisi wolakwa nayenso amadziwa kukhala pamkhate, pakuti womufufuza ndi mnzake wa muofesi yomweyo. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission kuti madandaulo otere azipita kwa anthu apadera, koma panapita zaka pafupifupi khumi ofesiyo isanayambe ntchito.

Apolisi sindiwaika m'thumba limodzi. Boma lino ndi lamapiri ndi magombe amene kufikako n'kwa boti, ndipo kutenga woganiziridwa ku Usisya kudzamufikitsa kukhoti maola 48 asanathe si nkhani ya pakamwa. Mayi wapolisi uja analowa pakati pa anthu okwiya alibe mfuti, ndipo akanachedwa pang'ono tikanamva fungo la matayala. Tsiku limenelo amene ananyamula musi tinali ife. Lamulo limalola munthu wamba kugwira wakuba, koma limati amupereke kupolisi mosachedwa. Silipereka kwa gulu mphamvu yofunsa mafunso ndi zibakera. Timadandaula kuti apolisi amamenya, koma tikawapititsira wakuba timawauza kuti "mumuthyape aulule," ndipo akakana timati adya ndalama. Wapolisi amene amafufuza modekha, amene amatchera diwa ngati agogo, sitimuimbira m'manja poti ntchito yake sionekera pamsika.

Patapita milungu iwiri ndinapita kukagula ndiwo, ndipo ndinamufunsa mayi uja za mnyamata wa tsiku la Ilala. Anaseka pang'ono uku akundiyezera usipa m'mbale. Mwini foni, anatero, sanapite kupolisi. Sitima inalira, iye n'kuthamangira malo, napita ku Likoma usiku womwewo. Mnyamatayo atamusecha sanamupeze ndi kanthu, wodandaula panalibe, ndipo anamutulutsa tsiku lotsatira, diso limodzi litatupa.

"Ndiye mukuti sanabe, Ama?"

"Ine sindinatero, Ada."

Tili chilankhulire, mnyamata yemweyo anatulukira kuchokera kugombe atasenza beseni la usipa wauwisi, madzi akumuchuchira m'khosi, n'kulitula pafupi ndi mapazi a mayiyo. Mayi anamasula mfundo ya pakona pa chitenje, anawerenga ndalama ya ganyu kawiri, namupatsa. Atatembenuka mnyamatayo, anamanganso mfundo ija, n'kuikankhira mkati mwa chiuno.